Nambala yalakwika, wolipira n'kukhala wodwala?

Abale anga, lero ndakwiya ndithu. Mchemwali wanga amene amakhala ku Johannesburg wakhala akuvutika ndi chilungulira kwa miyezi yambiri, mpaka nsima inayamba kumuwawa pomeza. Adokotala anamulowetsa kachubu ka kamera kukhosi n'kupeza kuti m'mero watupa chifukwa cha asidi wobwerera kuchokera m'mimba. Anamupatsa omeprazole ndipo pano akupezako bwino. Vuto lili pa bilu: a medical aid akana kulipira.

Chifukwa chake? Ku South Africa, kuyambira 2005, bilu yopita ku medical aid imayenera kukhala ndi nambala ya matenda yochokera mu ICD-10, buku la WHO. M'bukumo kutupa kwa m'mero ndi K20. Koma kutupako kukabwera ndi asidi wobwerera, nambala yake ndi K21.0, ndipo pansi pa K20 analemberatu kuti matenda amenewa asaikidwe pamenepo. Popempha chilolezo cha kamera ija analemba K21.0. Lipoti la adokotala likunenanso zomwezo. Koma wina mu ofesi, polemba bilu, anangoona mawu oti oesophagitis n'kumenya K20. Kompyuta inaona kuti nambala zasiyana, basi, kukana.

Ine sindikudana ndi manambalawa ayi. M'mero umatupa pa zifukwa zambiri: asidi, mafangasi a candida (awa ali kwawokwawo ku B37.8), ngakhale mbulu wa doxycycline womezedwa popanda madzi okwanira. Mankhwala ake ndi osiyana, ndiye kusiyanitsa n'koyenera.

Chimene chikundinyansa n'chakuti wolakwa ali phee pa mpando, wodwala ndiye akuthamangathamanga. Achipatala akuti kafunseni a medical aid, a medical aid akuti nambala sasintha iwo, asinthe amene analemba. Uku kalata yokumbutsa ngongole yabwera kale kawiri, ndipo ndalama zimene amati atumize kumudzi zogulira feteleza wa amayi wazisunga kaye.

Ine ndikalakwitsa nambala ya mwana polembetsa mayeso a MSCE, sindituma mwanayo kuti akadzikonzere yekha. Ndimayenda ndine, ahedi akundikalipira. Nanga kuchipatala zisiyane bwanji? Ndani anamuuzapo mchemwali wanga kuti K21.0 n'chiyani asanatuluke pakhomo? Ndamuuza kuti Lolemba atenge lipoti lija, akakhale pa benchi ya ofesi ya mabilu, asachoke mpaka amupatse bilu yokonzedwa m'manja.