Asidi mmodzi, malamulo osiyana: botolo likaoloka malire atetezedwa ndani?

Pa 30 Julaye 2024, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala m'dziko la America la FDA lidachenjeza anthu kuti asamadzole okha mankhwala amphamvu osenda khungu popanda kuyang'aniridwa ndi katswiri. Lidalemberanso makalata a chenjezo makampani angapo ogulitsa zinthuzi, kuphatikizapo Amazon ndi Walmart. Mwa maasidi omwe adatchulidwa mudali glycolic acid, dzina lomwe masiku ano lili pa mabotolo ambiri a zodzoladzola, ngakhale omwe akutsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook kuno kwathu.

Asidiyu amapezeka mu nzimbe, ngakhale kuti wambiri wa m'mabotolo amapangidwa m'fakitale. Ntchito yake ndi kumasula maselo akufa a pamwamba pa khungu kuti afunduke, zomwe zimachepetsa mawanga, zipsera za ziphuphu ndi makwinya aang'ono. M'gulu la maasidi otchedwa AHA, iye ndiye wochepetsetsa msinkhu, n'chifukwa chake amalowa m'khungu msanga. Madokotala a khungu amamugwiritsa ntchito, ndipo palibe akukamba zomuletsa. Mkangano uli pa mlingo, ndipo apa mpomwe maiko sadamvane.

Ku America, gulu la akatswiri la Cosmetic Ingredient Review, lomwe limathandizidwa ndi makampani a zodzoladzola, lidagamula kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti chodzola cha kunyumba chisapitirire 10 peresenti ndipo pH yake isatsike pa 3.5. M'masaluni lidalola mpaka 30 peresenti ndi pH ya 3.0, koma wopaka akhale wophunzitsidwa ndipo atsuke pakangopita kanthawi. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti awa ndi malangizo chabe, si lamulo. Ngakhale chenjezo la dzuwa lomwe FDA idapempha makampani mu 2005 kuti azilemba pa botolo silikakamizidwa.

China ndiyo idaika lamulo lenileni: maasidi onse a AHA akaphatikizidwa asapose 6 peresenti m'chodzola. Canada imasiyira akatswiri okha zamphamvu zofika 30 peresenti. Kodabwitsa ndi ku Ulaya, komwe kumadziwika ndi malamulo okhwima. M'chaka cha 2000, komiti ya asayansi yolangiza mgwirizano wa EU idati mlingo wosadetsa nkhawa ndi 4 peresenti pa pH yosatsika pa 3.8, womwe ndi wotsika kuposa wa maiko onse tatchulawa. Koma chiwerengerochi sichidalowetsedwe m'lamulo la zodzoladzola la 2009. M'malo mwake lamulolo limafuna kuti chodzola chilichonse chiunikidwe ndi katswiri chisanapite pamsika, ndipo pakhale munthu kapena kampani yodziwika yoyankha mlandu zikavuta.

Motero botolo limodzi litha kukhala lovomerezeka ku London, loposa mlingo ku Shanghai, ndiponso la musaluni mokha ku Toronto.

Nkhani ya pH njofunika kuimvetsa, chifukwa otsatsa malonda amakonda kuonetsa peresenti yokha. pH ndi muyeso wa ukali wa asidi, ndipo nambala ikamatsika ukali umakwera. Zodzola ziwiri zitha kukhala ndi 10 peresenti zonse, koma cha pH ya 4 n'kungonyereketsa pamene cha pH ya 2 n'kuwaula. Chikhalirecho mabotolo ambiri salemba pH n'komwe. Wogula amasankha poona theka la nkhani, ndipo kawirikawiri amathamangira nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo ichite changu.

N'chifukwa chiyani palibe lamulo limodzi la dziko lonse? Mtovu wamadzi wa mercury, womwe umaikidwa m'mafuta ena oyeretsa khungu, uli ndi pangano la maiko la Minamata, chifukwa ndi poizoni ndipo umaononganso chilengedwe. Glycolic acid sali choncho. Kuopsa kwake kumadalira mlingo, wopaka ndi nthawi yomwe wakhala pakhungu, ndipo zotere n'zovuta kuzimanga m'pangano. Bwalo la International Cooperation on Cosmetics Regulation, lomwe America, EU, Canada ndi Japan adayambitsa mu 2007, limangokambirana, silipanga malamulo. Maiko ena a mu Africa, monga South Africa, Ghana ndi Rwanda, adalimbana kwambiri ndi hydroquinone ndi zina zoyeretsa khungu, ndipo m'pomveka, poti ndizo zidaononga anthu ambiri.

Vuto n'lakuti njira zonsezi zimagwira ntchito bwino komwe kuli wozilondola. Ya ku America imadalira makhoti ndi mantha a makampani oopa kusumiridwa. Ya ku Ulaya imadalira munthu woyankha mlandu uja. Botolo likalowa m'chikwama cha wamalonda kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena Guangzhou, chitetezo chimenecho chimatsalira komweko. Zimafika poipa pomwe mankhwala a musaluni athiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro kapena kusakanizidwa ndi mafuta ena.

Kwa ife zinthu ziwiri zikuwonjezera chiopsezo. Choyamba ndi dzuwa. Kafukufuku yemwe FDA idatenga nawo mbali adapeza kuti munthu akadzola AHA kwa sabata zinayi, khungu lake limapsa msanga ndi dzuwa ndi 18 peresenti, n'chifukwa chake amalangiza mafuta oteteza kudzuwa mpaka sabata imodzi utasiya. Mafutawo kuno ngodula ndipo si ambiri amawadzola. Chachiwiri, khungu lakuda likapsa limakonda kusiya mawanga oderapo omwe amatenga miyezi kuti azilale. Wofuna kuchotsa kachipsera kamodzi atha kutsala ndi nkhope yamathothomathotho.

Mabungwe a Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority sakusowa poyambira, chifukwa ziwerengero zilipo kale kwa ena. Chomwe chingathandize msanga ndi kufuna kuti chodzola chilichonse cha AHA cholowa m'dziko muno chionetse peresenti, pH, dzina la wochiitanitsa ndi chenjezo la dzuwa, komanso kuti zopitirira 10 peresenti zisagulitsidwe pa shelefu kwa aliyense wobwera ndi ndalama.