MWANA WATHU WAPITA KUKAPHUNZIRA UDOKOTALA: KATUNDU WA MIYEZI YOYAMBA

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso olowera ku yunivesite zikatuluka, pamakhala mabanja owerengeka m'boma lathu lino la Mecanhelas amene amalandira uthenga wakuti mwana wawo wapeza malo okaphunzira udokotala. Ndi nkhani yosowa, ndipo nthungululu zimene zimamveka tsiku limenelo ndi zoyenera. Koma lero tikufuna tikambirane za miyezi inayi kapena isanu imene imatsatira nthungululuzo, semesita yoyamba, chifukwa ndi m'nyengo imeneyi pamene ana ambiri anzeru amapunthwa. Sapunthwa chifukwa chakuti mutu wawo ndi wouma ayi, koma chifukwa cha kukula kwa mtolo umene asenza.

Tiyambe ndi kumene amapita. Wa kuno kawirikawiri amalowera ku Nampula, ku Universidade Lúrio, imene boma linakhazikitsa kumapeto kwa 2006 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 2007. Maphunziro a zaumoyo amachitikira ku Marrere. Njanji yodutsa pa Entre-Lagos ndi Cuamba imakafika komweko, choncho kwa ife Nampula ndiye kufupi. Ena amapita ku Tete ku Universidade Zambeze, ena ku Beira ku Universidade Católica, ndipo ena amakafika mpaka ku Maputo ku Universidade Eduardo Mondlane, imene ndi yakale kuposa onsewa. Alipo ana athu enanso amene anaphunzira sekondale kutsidya kwa malire, ku Machinga kapena ku Zomba. Iwowa maso awo amakhala ku Blantyre, kumene College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chokonzekera, cha masamu ndi sayansi, kenako zaka zisanu za udokotala weniweni. Kuno ku Mozambique maphunzirowa ndi a zaka zisanu ndi chimodzi. Njira ziwiri, koma ulendo wake ndi wotalika mofanana.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuwongola msanga. Achinyamata athu masiku ano amawerenga malangizo pa intaneti, ndipo ambiri mwa malangizowo amachokera ku America. Kumeneko wofuna udokotala amayamba waphunzira zaka zinayi za digiri ina, ndipo iye mwini amasankha maphunziro oti atenge pa semesita, olemera angati, opepuka angati. N'chifukwa chake amalangizana kuti usaphatikize maphunziro ovuta atatu nthawi imodzi. Kwathu kuno sizili choncho. Mwana akafika amapeza ndandanda ya ma cadeira italembedwa kale, ndipo palibe amene amamufunsa ngati akufuna Anatomia chaka chino kapena chamawa. Katundu wa kusukulu ndi womangidwa kale. Chimene mwana ndi makolo ake angathe kupungula kapena kuwonjezera ndi katundu winayo, amene timamuika pamwamba pa mtolowo.

Tiyeni tiuyeze mtolo wa kusukuluwo. Malamulo a maphunziro apamwamba m'dziko muno amawerengera ntchito ya wophunzira m'ma crédito, ndipo crédito imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito, kuphatikiza a m'kalasi ndi owerenga payekha. Semesita imodzi nthawi zambiri imakhala ndi ma crédito 30. Ndiye kuti maola 750 mpaka 900. Tikawagawa pa masabata 18, tikupeza maola 42 mpaka 50 sabata iliyonse. Abale, imeneyi ndi ntchito ya munthu wolembedwa ntchito, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo yopanda malipiro. Tsono sabata ili ndi maola 168. Tichotsepo 49 a tulo, pa maola 7 usiku uliwonse; tichotsepo 50 a maphunziro; tichotsepo 28 ophika, kuchapa, kusamba, kudya ndi kudikira chapa pamsewu; tichotseponso 10 a tsiku Lamulungu. Otsala ndi 31. Wina anena kuti ndi ambiritu amenewo. Inde, koma sabwera pamodzi ngati thumba la chimanga. Amabwera ngati nyenyeswa, theka la ola apa, ola limodzi apo, ndipo malungo a masiku atatu okha amatha kuwadya onse. Maola amenewa akukwanira chinthu chimodzi chapadera. Sakukwanira zinthu zinayi.

Nanga n'chiyani chimene chimachititsa maphunziro a chaka choyamba kukhala olemera chonchi kwa mwana amene ku 12ª classe ankapambana onse? Choyamba ndi kuchuluka kwake. Ku sekondale, Biologia ya miyezi itatu imatha kukwana m'kope limodzi. Ku Anatomia, mwana ayenera kudziwa mafupa onse 206 a thupi la munthu wamkulu, ndipo osati maina okha, koma timabowo, timizere ndi timapiri ta fupa lililonse, mnofu umene umagwira pamenepo, mtsempha wa magazi umene umadutsa pafupi, ndi umene umauza mnofuwo kuti ugwire ntchito. Maina ake ambiri anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki. Ganizirani mwana amene kunyumba amayankhula Chinyanja kapena Chilomwe, kusukulu anaphunzira m'Chipwitikizi, tsopano akuloweza mawu a Chilatini, ndipo buku labwino limene walipeza lili m'Chingerezi. Apa ana athu a m'malire ali ndi kamwayi kamene sakadziwa: amene anakulira kumvera wailesi za ku Malawi kapena anaphunzirako kumeneko saopa buku la Chingerezi monga amaopera anzawo ena. Asachite nako manyazi kamwayi kameneka.

Chachiwiri ndi Bioquímica ndi maphunziro ena ofanana nayo, amene salola kuloweza kopanda kumvetsa. Munthu angathe kuloweza maina a magawo onse a m'mene thupi limasandutsira shuga kukhala mphamvu, koma funso likabwera lakuti chimachitika n'chiyani mpweya ukachepa m'minofu, woloweza uja amangoyang'ana kudenga. Maphunziro oterewa amamangidwa ngati khoma la njerwa: mzere wa sabata yachitatu umakhala pa mzere wa sabata yachiwiri. Mwana amene wajomba masabata awiri oyambirira chifukwa ndalama ya ulendo inachedwa, kapena chifukwa ankadikira kukolola, amafika khoma litakwera kale kuposa msinkhu wake. Pa ichi tikupempha makolo mwapadera: ngati mbuzi iyenera kugulitsidwa, igulitsidwe mwezi wathunthu sukulu isanatsegulidwe. Kuli bwino mwana afike sabata imodzi kale, apeze chipinda, adziwe kumene amagula makala ndi ufa, adziwe njira ya ku kalasi, kusiyana ndi kufika Lolemba lachitatu atanyamula chikwama pamutu.

Palinso malamulo a mayeso amene makolo ambiri sawadziwa, ndipo ana amawadziwa mochedwa. Malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20. M'kati mwa semesita mumakhala mayeso ang'onoang'ono, ndipo m'malamulo a mayunivesite ambiri amene sanafike pa 10 m'mayeso amenewa saloledwa n'komwe kulemba mayeso aakulu. Amati wachotsedwa pa cadeira imeneyo. Amene waloledwa koma n'kulephera amapatsidwa mwayi wachiwiri wotchedwa recorrência. Choopsa kwambiri ndi lamulo la precedência: pali maphunziro ena amene sungawatenge usanapambane oyambirira ake. Choncho cadeira imodzi yogwa m'semesita yoyamba ingathe kutseka chitseko cha ina ya kutsogolo, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zija zimasanduka zisanu ndi ziwiri. Chaka chowonjezeracho ndi lendi ina, chakudya china, maulendo ena, ndipo kwa amene ali pa bolsa pamakhalanso mantha akuti thandizolo lingaimitsidwe. Tikulangiza kuti mwana aliyense apeze buku la malamulo a sukulu yake m'sabata yoyamba ndi kuliwerenga ngati m'mene munthu amawerengera kalata ya munda.

Tsopano tifike pa katundu uja timawonjezera. Woyamba ndi geni. Tikudziwa kuti umphawi ndi weniweni, ndipo sitikunyoza mwana amene akugulitsa nsomba zouma za ku Chiuta kapena kuphunzitsa ana a anthu madzulo kuti apeze ya sopo. Koma akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ngati n'kotheka, semesita yoyamba ikhale yopanda geni, kufikira mwanayo atadziwa mphamvu zake. Banja likhale pansi, amalume ndi azakhali omwe, ligwirizane ndalama imene lingathe kutumiza mwezi ndi mwezi, ngakhale ikhale yochepa, ndi tsiku lake lenileni. Ndalama yochepa yofika pa tsiku lodziwika imathandiza kuposa yambiri yofika mwadzidzidzi, pakuti mwana wodziwa kuti pa 5 mwezi uliwonse foni ilira ndi uthenga wa M-Pesa kapena e-Mola amagawa ufa wake moyenera ndipo maganizo ake amakhala pa buku.

Wachiwiri ndi ntchito za kumudzi. Mwana akangopita ku Nampula, mudzi wonse umamuyesa kazembe wawo. Wina akufuna amulondolere kalata ku ofesi, wina akufuna akamuonere wodwala ku Hospital Central, wina watumiza mphwake kuti akagone kwa iye masabata awiri, ndipo pali ena amene amayamba kale kumuimbira foni kufunsa mankhwala a mwendo wotupa, mwana amene sanamalize n'komwe mafupa a dzanja! Iye sangakane, chifukwa analeredwa bwino. Ndi udindo wa makolo kukana m'malo mwake. Nkhani ya maliro ndi yovuta, ndipo sitikufuna kuyankhula mopepuka. Koma banja liyenera kugwirizana mwanayo asananyamuke kuti ndi maliro ati amene adzamuitanira, pakuti ulendo wobwera kuno ndi kubwerera umadya masiku angapo, ndipo mayeso sadikira.

Wachitatu ukutikhudza ife a mpingo. Mwana wathu akafika m'tauni ndi kalata yosamukira, mpingo wa kumeneko umakondwera, ndipo posakhalitsa amamupempha kwaya, Sande sukulu, ulembi wa achinyamata ndi kumasulira ulaliki. Zonsezi ndi zabwino. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ife tikuti asaleke kusonkhana ndi anzake Lamulungu, ndipo asankhe utumiki umodzi wokha wosadya masiku a m'kati mwa sabata. Maudindo ena adikire chaka chachiwiri. Akulu a mpingo polemba kalata yosamukira angathe kuwonjezera mzere umodzi wopempha abale a kumeneko kuti amusunge mwanayo koma asamusenzetse.

Za kawerengedwe tingonena zochepa, pakuti aphunzitsi ake adzamuuza zambiri. Kale mu 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene munthu waloweza zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumazisunga. Tanthauzo lake ndi lakuti phunziro la lero libwerezedwe lero madzulo, kenako patapita masiku awiri kapena atatu, kenako sabata yotsatira. Ndipo kubwerezako kukhale kotseka buku ndi kudzifunsa, kapena kujambula fupalo pamtima, osati kungoyendetsa maso pa tsamba. Kuchezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, monga ena amachitira ku sekondale, sikungapulumutse munthu ku Anatomia. Tulo si ulesi. Ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo. Apeze anzake awiri kapena atatu owerenga nawo, osapitirira apo, chifukwa gulu la anthu khumi limasanduka bwalo la nkhani za mpira. Ndipo agone m'neti. N'zomvetsa chisoni wophunzira udokotala kuphonya mayeso chifukwa cha udzudzu.

Amene akupita ku Universidade Lúrio adziwenso kuti sukuluyi imadziwika ndi ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, imene imatumiza ophunzira a zaumoyo kukayendera mabanja a m'madera oyandikana nayo. Imeneyonso ndi nthawi yofunika kuiwerengera, koma mwana wa kuno, amene anakulira pakati pa anthu ndipo amadziwa kugwada ndi kupereka moni kwa akulu, adzaipeza yopepuka kuposa anzake okulira m'mipanda ya m'tauni.

Mwina wina afunsa chifukwa chimene tadzazira tsamba lonse ndi nkhani yokhudza mabanja owerengeka. Kalembera wa 2017 anapeza anthu oyandikira 300,000 m'boma lino. Tonse tikudziwa banja limene linathamangira ku Cuamba usiku ndi mayi wovutika pobereka. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1975, madokotala otsala m'Mozambique monse sanafike pa 100, ndipo ngakhale chiwerengerocho chakwera kwambiri, ambiri amakhala m'mizinda ikuluikulu. Dokotala wodziwa kumva wodwala akamati “m'mimba mukundipota” popanda womasulira sapezeka wamba. Mwana mmodzi wa kuno akabwerera chaka choyamba, si banja lake lokha limene lataya.

Chomaliza ndi pempho kwa makolo. Mayeso oyamba a m'kati mwa semesita akadutsa, muimbireni mwanayo ndi kumufunsa malikisi ake, cadeira ndi cadeira, m'manambala. Musakhutire ndi yankho lakuti zikuyenda. Akanena 8 kapena 9, musakalipe. Imeneyo ndiyo nthawi imene zinthu zingakonzeke, popita kwa mphunzitsi, popeza wa chaka chachiwiri womuthandiza, kapena potula katundu wina amene wasenza. Ana ambiri amabisa nambala yoipa chifukwa akukumbukira nthungululu zija ndi mbuzi imene inagulitsidwa, ndipo amadzaulula semesita itatha.

M'kope lotsatira tidzakamba za ana amene sanapeze malo a udokotala, ndi njira za unamwino ndi za técnico de medicina zimene zili zotseguka kwa iwo.