Dokotala amene ali ndi nthawi yomvetsera

Chaka ndi chaka madokotala a mabanja ku America amakumana pa msonkhano wotchedwa DPC Summit, umene bungwe lawo la American Academy of Family Physicians limathandiza kukonza. Ife tinakhala nawo pa umodzi mwa misonkhano imeneyi, ndipo nkhani imene inali pakamwa pa aliyense inali ya nthawi: kodi dokotala amakhala mphindi zingati ndi wodwala mmodzi?

Kuti timvetse dandaulo lawo, tione kaye mmene zinthu zimayendera kumeneko. Anthu ambiri ku America amalipira kuchipatala kudzera mu inshuwalansi. Dokotala akamaliza kuona wodwala amalemba zonse pa kompyuta, kuzitumiza ku kampani ya inshuwalansi, kenako n'kudikira kuti kampaniyo ivomere kulipira. Kuti chipatala chipeze ndalama zokwanira, dokotala mmodzi amasunga anthu 2,000 kapena kuposerapo, ndipo aliyense amaonedwa mwachangu. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya Annals of Internal Medicine anapeza kuti pa ola lililonse limene dokotala amakhala ndi odwala, amathera pafupifupi maola ena awiri pa kompyuta ndi pa mapepala.

Njira imene msonkhanowu umalimbikitsa imatchedwa direct primary care. Munthu amalipira dokotala wake mwachindunji mwezi ndi mwezi, kawirikawiri pakati pa madola 50 ndi 100, ndipo ana amalipiridwa zocheperapo. Akadwala amapita osalipiranso kanthu pakhomo, ngakhale apite kangapo mwezi umodzi. Dokotalayo satumiza pepala lililonse ku inshuwalansi, choncho safuna antchito ambiri a mu ofesi, ndipo amasunga anthu pakati pa 400 ndi 800 okha. Wodwala amatha kukhala naye theka la ola kapena ola lathunthu, ndipo mwana akatentha thupi usiku makolo amaimba foni kwa dokotala amene akumudziwa mwanayo. Zipatala zina, monga Atlas MD ya ku Wichita m'chigawo cha Kansas imene inatsegulidwa mu 2010, zimagula mankhwala pa mtengo wopikulira n'kupatsa odwala awo pa mtengo wotsika kwambiri.

Maphunziro ambiri pa msonkhanowo anali a zinthu wamba: kaikidwe ka mtengo wa pamwezi, kukambirana ndi malo oyezera magazi kuti atsitse mitengo, ndi mmene ungauzire odwala ako akale kuti ukusintha kagwiridwe ka ntchito. Koma pa nthawi yopuma tinamva madokotala angapo akufotokoza kuti anatsala pang'ono kusiya udokotala chifukwa cha kutopa, ndipo tsopano amafika kunyumba ana awo asanagone.

Ife a mpingo wa Adventist nkhani imeneyi ikutikhudza. Matenda a kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kunenepa kwambiri sagonja ndi mapiritsi okha. Pamafunika wina akufunseni za mchere umene mumathira m'ndiwo, zakumwa zotsekemera, maola amene mumagona, mtunda umene mumayenda, ngakhalenso chisoni chimene mwachisunga mumtima chiyambire maliro aja. Buku la Mayi Ellen White lotchedwa The Ministry of Healing, limene linatuluka mu 1905, limaphunzitsa kuti dokotala akhalenso mphunzitsi wa odwala ake. Kuphunzitsa kumafuna nthawi, ndipo munthu saulula za kumtima kwa mlendo amene maso ake ali pa wotchi.

Komabe walira mvula walira matope. Ndalama ya pamwezi ija si inshuwalansi. Munthu akachita ngozi ya pamsewu, akafunika opaleshoni kapena akapezeka ndi khansa, bilu ya chipatala chachikulu imakhala yake, ndipo ku America bilu yotere imatha kugwetsa banja lonse. Madokotala oona mtima pa msonkhanowo ankanena poyera kuti wodwala ayenera kukhalabe ndi inshuwalansi ya matenda aakulu. Ngakhale zipatala zoterezi zimagwa: Qliance, imene Dr. Garrison Bliss anayambitsa ku Seattle mu 2007 ndipo inatchuka m'dziko lonselo, inatsekedwa mu 2017, odwala ake n'kusowa kolowera.

Funso lolemera koposa ndi la masamu. Dokotala amene anali ndi anthu 2,000 akatsala ndi 600, anthu 1,400 aja apita kwa yani? Otsala kunja kawirikawiri amakhala amene sangakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi. Okonda njirayi amayankha kuti dokotala wosatopa sathawa ntchito msanga, ndiponso kuti achinyamata ambiri adzasankha udokotala wa mabanja akaona kuti ndi ntchito yopiririka. Yankho limeneli lili ndi nzeru, koma mayi amene dokotala wake wachoka chaka chino silimuthandiza.

N'chifukwa chake sitinganene kuti njirayi ingotengedwa mmene ilili n'kubwera nayo ku Malawi kapena ku Zambia. Kwathu madokotala ndi ochepa kwambiri, mizere ya m'zipatala za boma imayamba kusanache, ndipo m'zipatala za mishoni monga Malamulo ku Thyolo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma clinical officer ndi anamwino. Dokotala wosankha anthu 600 m'boma la anthu zikwi mazanamazana angakhale akumana ambiri thandizo.

Zimene banja lililonse lingatengepo ndi zitatu. Choyamba, sankhani chipatala chimodzi ndipo, ngati n'kotheka, wachipatala mmodzi woti azikudziwani. Kuyenda uku ndi uku kumachititsa kuti aliyense ayambe nkhani yanu pachiyambi, ndipo mankhwala ena amawombana. Sungani bwino kabuku ka kuchipatala ka munthu aliyense m'nyumba, ndipo musagule katsopano chifukwa choti kakale mwakaiwala. Chachiwiri, lipirani thanzi lanu musanadwale. Mukapatula chakhumi ndi zopereka, patulaninso kangachepe ka kuchipatala mwezi uliwonse, kaya mu emvulopu, kaya ku banki nkhonde, kuti matenda akabwera musayambe ndi kugulitsa mbuzi. Chachitatu, lemekezani mphindi zochepa zimene mwapatsidwa. Lembani mafunso atatu musanachoke pakhomo, tengani mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba, ndipo nenani chimene chikukuopsani kwambiri pachiyambi penipeni, osati mutagwira kale chitseko.

Abale ndi alongo amene muli ku America ndipo mwamva za chipatala chotere pafupi nanu, funsani musanasaine: mtengowo ukuphatikiza chiyani, dokotala akapita kutchuthi adzakuonani ndani, ndipo mukafuna kusiya mudzatani.

Mipingo yathu nayonso ili ndi gawo lake. M'mipingo ina muli namwino kapena wachipatala wina. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi, kabuku kolembamo ndi ola limodzi Sabata masana kamodzi pamwezi n'zokwanira kuti agogo amene sanayezedwepo apeze munthu wowamvetsera, ndi wowauza nthawi yoti apite kuchipatala isanathe.