Utoto umasendeka, koma livrete imakhalabe

Abale a m'malire, masiku ano kuli utoto wopopera wa m'zitini, monga Plasti Dip wochokera ku America, umene ukauma umakhala ngati mphira. Mwini galimoto amapopera yekha pakhomo, ndipo akatopa nawo amangousenda ngati khoko la nthochi. Ntchitoyi imafuna galimoto yotsuka bwino, malo opanda fumbi, ndiponso kupopera maulendo 4 kapena 5, pakuti wopyapyala umavuta kusenda. Petulo akadontherapo amauwononga.

Koma nkhani yaikulu ili pa mapepala. Livrete imatchula mtundu wa galimoto. Ngati inalembedwa kuti ndi yoyera, inu n'kufika nayo pa Zóbuè kapena pa Calómuè ili yofiira, apolisi adzakuimitsani, ndipo sadzalakwa, chifukwa akuba magalimoto nawonso amasintha mtundu. Inu mudzakhala mukufotokoza kuti utotowo umasendeka, uku kachewere amene mwanyamula akuonongeka padzuwa.

Ife tikuti: kukongoletsa galimoto sikoipa. Koma amene wasintha mtundu apite ku ofesi yoona za magalimoto ku Tete, akakonzetse livrete asanayambe ulendo.