Mankhwala a Sickle Cell Apezeka, Koma Adzafika Liti ku Mudzi?

Mai aliyense wophika thobwa adziwa kuti cimera cisandutsa phala lolimba kukhala lamadzi ndi lotsekemera. Zimene zigwira nchitoyi ndi tinthu tosaoneka ndi maso tochedwa ma enzyme. Timeneti tili m'zamoyo zonse, ndipo kalikonse kali ndi nchito yake: kena kadula, kena kalumikiza.

Tsopano akatswiri aphunzira kusula ma enzyme monga mmisiri asulira khasu. M'caka ca 2012, Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaonetsa kuti enzyme ya Cas9, yocokera m'mabakiteriya, ingalozeredwe malo oti idule pa DNA, ndiwo malangizo a thupi amene mwana alandira kwa makolo ake.

Phindu lake linaoneka mu November 2023, pamene dziko la Britain linavomereza Casgevy, mankhwala ocizira nthenda ya sickle cell. Madokotala atenga maselo opanga magazi mwa wodwalayo, nawakonza ndi Cas9 kuti azipanga magazi onga amene mwana akhala nao asanabadwe, nawabwezera m'thupi. Motero maselo ofiira aleka kupindika ngati cikwakwa ndi kutseka mitsempha, comwe ndiye gwero la ululu.

Koma pali mfundo yowawa. Ku America mtengo wake unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni kwa munthu mmodzi. Ndiponso wodwala ayenera kulandira mankhwala aukali opha maselo akale a m'mafupa, ndi kugona masabata ambiri m'cipatala cacikulu. Consecho ana oculuka obadwa ndi nthendayi ali mu Africa muno, kuphatikizapo Zambia.

Ciyembekezo cagona pa kusula kopitirira. Mu 2016, David Liu wa ku Harvard anakonza Cas9 kuti isinthe cilembo cimodzi ca DNA popanda kuidula pakati. Mu 2025, madokotala a ku Philadelphia anathandiza khanda lodwala nthenda yobadwa nayo ya m'ciwindi ndi enzyme yotere, popereka mankhwalawo m'mtsempha cabe. Njira imeneyi ikadzatheka pa sickle cell, kugona kwa masabata kudzacepa, ndipo nkhondo yotsala idzakhala ya mtengo.

Pakali pano, makolo, nthendayi si ufiti ai. Mwana wotupa manja ndi mapazi, wosowa magazi kawirikawiri, mupite naye ku cipatala akamupime. Mankhwala a penicillin ndi hydroxyurea, pamodzi ndi kumteteza ku malungo, apulumutsa ana ambiri. Tiwasunge amoyo kufikira tsiku limene mankhwala atsopanowa adzatifika.