Mawu a Mkonzi: Makoma osatha a ku Degue

Amalonda athu amene amadutsa pa Katete ndi Chanida, n'kuolokera ku Cassacatiza kupita ku Tete, amabwerako ndi nkhani ziwiri: kutentha kwa dzuwa, ndi nyumba zomwe sizikutha kumangidwa. M'madera a kumalire kwa mzindawo monga Degue, khoma limafika pa mawindo n'kuima chaka chathunthu. Pambali pali mulu wa mchenga, mabuloko asanjidwa pansi pa mtengo wa masawu, ndipo chipinda chimodzi chokha ndicho chafoleredwa ndi malata. M'chipinda chimenecho ndimo mukugona banja. Wodutsa pa msewu amati ndi umphawi. Ife tikuti anthu amenewa ayankha funso limene likusowetsa tulo aphunzitsi, anamwino ndi amalonda achinyamata a ku Chipata, Petauke ndi Lundazi: kodi ndikongole ndalama ndigule nyumba lero, kapena ndipitirize kusunga?

Anthu a ku Tete sanaphunzire zimenezi m'kalasi. Mu 2011 kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize, ndipo chaka chomwecho Rio Tinto inalipira ndalama zopitirira madola 3 biliyoni kugula kampani imene inali ndi mgodi wa Benga. Alendo anadzaza mzinda, lendi inakwera modabwitsa, ndipo aliyense amene anali ndi poyambira anathamangira kumanga nyumba zobwereketsa. Patangopita zaka zitatu, mtengo wa malasha utagwa, Rio Tinto inagulitsa migodi yake ya kumeneko pa madola 50 miliyoni okha n'kunyamuka. Vale nayonso inadzasiyira mgodi wake kampani ya Vulcan mu 2022. Amene anamanga ndi ngongole poyembekeza lendi ya anthu a ku mgodi anatsala ndi nyumba zopanda olowamo, koma banki ikufunabe zake mwezi ndi mwezi.

Nawonso osunga ndalama sanapulumuke. Mu 2016, zitaululika kuti boma la Mozambique linali ndi ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, metical inagwa kwambiri, ndipo ndalama imene munthu anasonkhanitsa kwa zaka zisanu inalephera kugula malata amene ikadagula chaka chapitacho. Ife a ku Zambia tisachite ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Kumayambiriro kwa 2018 dola imodzi inali pafupifupi K10, pofika 2021 inapitirira K20, dziko litalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond mu Novembala 2020. Kwacha imalimbako nthawi zina, koma mtengo wa simenti ndi malata ukakwera, subwerera msanga. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsono kodi tithamangire ku banki? Tiwerengere limodzi. Chiwongoladzanja cha ngongole m'mabanki athu chakhala chikupitirira 25 peresenti pa chaka. Munthu akakongola K300,000 pa mlingo umenewo, chiwongoladzanja chokha cha chaka choyamba chimayandikira K75,000, kutanthauza ndalama zoposa K6,000 pa mwezi, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze n'komwe. Ndi mphunzitsi uti wa ku pulayimale angalipire zimenezo, ana n'kudya, agogo kumudzi n'kulandira feteleza? Za kaloba ndiye sitikufuna n'kuzitchula. Nyumba yogula ndi kaloba imathera m'manja mwa mwini kaloba.

Maganizo athu ndi akuti banja la malipiro ochepa lisagule nyumba yothaitha pa ngongole yaikulu, komanso lisakhalire kusunga makwacha mpaka tsiku limene adzakwanire, chifukwa tsikulo limathawa. Lisunge m'njerwa. Ndalama ya chilimba ikakufikani, gulani malata khumi muwapachike kudenga. Mukagulitsa soya kapena mtedza, umbitsani njerwa, muotche uvuni mvula isanagwe. Ena mwa amene anatenga gawo la 20 peresenti ya ndalama zawo ku NAPSA, boma litalola zimenezi mu 2023, anathira maziko, ndipo lero ali ndi chooneka. Mukafolera zipinda ziwiri, lowanimo. Lendi imene munkapereka kwa alandilodi ndiyo idzamalize zotsalazo. Kugona m'nyumba yosapaka pulasitala si manyazi.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingachilumphe, ndicho malo. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, ndipo munthu amangopatsidwa ufulu woigwiritsa ntchito umene amautcha DUAT. Mabanja amene anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti mgodi wa Moatize upeze malo anadandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji ya malasha. Kuno kwathu ploti yogula pakamwa, kapena ndi kakalata ka anduna kolembedwa pa pepala la m'kope, yaliritsa anthu ambiri. Ploti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo amene anathira kale maziko ndiye amaluza koposa. Ngati malo ndi a mfumu, pitani kwa mfumu yeniyeniyo ndi mboni, ndipo ngati mukufuna taitolo, chilolezo cha mfumu chidutse ku khonsolo mpaka ku unduna wa za malo. Amene alibe mapepala oyenera, kapena amene ntchito yake ingamusamutse chaka chamawa, ameneyo ayambe wasunga, asathire simenti pa nthaka yokayikitsa.

Onaninso kumene madzi amadutsa. Mu Januwale 2022 mphepo ya mkuntho ya Ana inadzaza mtsinje wa Revuboe, mlatho wa pamtsinjewo unaduka, ndipo nyumba za m'zigwa za Tete zinamira. Ploti ya m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Lunkhwakwa ku Chipata imatsika mtengo pa chifukwa. Kaioneni mu Febuluwale mvula ili pakati, osati mu Seputembala udzu utapsa.

Azibambo, lembetsani malo m'maina a inu ndi akazi anu. Lamulo la 1989 lokhudza chuma cha masiye lilipo, koma mayi wamasiye amene dzina lake lili pa pepala savutika kukangana ndi alamu ake pa maliro.

Pempho lathu lomaliza likupita ku makhonsolo. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo anthu akuchulukirachulukira ku Mchini, Nabvutika ndi madera atsopano. Khonsolo iyeze maploti ang'onoang'ono a mtengo wofikirika, iwalengeze poyera pa wailesi m'Chinyanja, ilambule misewu ndi ngalande anthu asanayambe kumanga, ndipo ilole munthu kulowa m'zipinda ziwiri pamene akumaliza zinazo.