App ikachedwa, tiwerenge kangati ipereka moni

App ikazungulira-zungulira pa foni, kuno ku Marapodi timathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Nthawi zina n'zoona. Koma ise amene tayamba kulemba ma app tili ndi mlandu wathu umene sitikamba.

Foni isanalandire kanthu kalikonse kuchoka ku seva, ziwirizi ziyamba zapatsana moni. Moni woyamba ndi wa TCP, ulendo umodzi kupita ndi kubwera. Wachiwiri ndi wa TLS, umene umabisa zimene titumiza: pa TLS 1.3 ya 2018 ndi ulendo umodzi, pa yakale ndi iwiri. Zambia ilibe nyanja yaikulu, motero seva ikakhala ku London, uthenga uyamba wadutsa m'maiko a anzathu kuti ufike pa chingwe cha pansi pa nyanja. Ulendo umodzi chabe upitirira mamilisekondi 100. Pamwamba pa izo, connection yatsopano iyamba kutumiza pang'onopang'ono, ifulumira pambuyo pake.

Manje ganizani app imene itsegula connection yatsopano pa chithunzi chilichonse. Zili ngati kutapa madzi pa kiosk: mwadzaza chigubu chimodzi, mwabwerera kumbuyo kwa laini ndi chachiwiri, pamene pompi inali kale m'manja mwanu. Ndipo moni si waulere. Nthawi zambiri seva itumizanso satifiketi yake, makilobaiti angapo, ndipo olipira ndi mayi wa pa kantemba amene bundle yake ya Airtel, MTN kapena Zamtel anagula ya tsiku limodzi.

Njira ilipo kale. HTTP/1.1 isiya connection yotsegula kuti igwirenso nchito. HTTP/2, ya 2015, ipititsa mafayilo ambiri pa connection imodzi. Chimene chisowa ndi kuwerenga. Mu Chrome, pa DevTools, tsegulani Network muyatse Connection ID: nambala ikabwerezeka, connection ndi yomweyo, ikasintha pa mzere uliwonse wa seva imodzi, pali vuto. Mu curl, num_connects ikuuzani ma connection atsopano amene atsegulidwa. Kambiri cholakwa ndi chaching'ono mochititsa manyazi: code imene ipanga client watsopano pa request iliyonse.

Pa wifi ya mu ofesi mu tauni simudzaona kanthu, zonse zithamanga. App yesani kuno, madzulo malaiti atapita, pa foni yotchipa, aliyense mu komboni ali pa WhatsApp.